Bafa Ladzaza

Lamulungu, 5 Okutobala

Ndaziwerenga katatu. Zithunzi 31 za munthu yemwe sindikumudziwa n'komwe, akuthamanga ndi mpira, lilime lili panja. Chithunzi cha 32: achimwene aimirira kale, akusansa fumbi m'mawondo. Pakati pa ziwirizi pali chimene bwalo lonse linaona dzulo, kupatula kamera yanga.

Inali mphindi ya 71. Wosewera kutsogolo wa timu inayo anatsala yekha ndi goloboyi, ndipo goloboyiyo ndi achimwene anga. Wosewerayo anamenya mpira wapansi, wolunjika pakona. Achimwene anauluka kumanzere n'kuukankha ndi nsonga za zala. Ngakhale masapota aja amene amatcha achimwene kuti Sefa anaimirira.

Ine ndinali pamalo abwino, pambali pa golo. Kuwala kwabwino. Kamera ili pa chiwaya, poti ukangodina batani osachotsa chala imangowaza zithunzi motsatizana. Tatatatata, kenako ta... ta... zii. Kanyale kofiira kayaka, sikirini yalemba kuti ili bize. Bize ndi chiyani iyo, ili ndi ana oti iwasambitse?

Chikundiwawa ndi ichi. Achimwene akupachika magolovesi pa 18. Kwatsala masewero awiri basi. Zaka 16 ali pagolo, koma chithunzi chawo chilichonse chimene chinatuluka m'nyuzipepala n'choti awerama, akutola mpira mu ukonde. Ife ojambula timasaka zigoli, ndiye goloboyi amangopezekamo ngati munthu wogoletsedwa. Zina mwa zithunzizo ndinajambula ndine, mlongo wawo weniweni, ndipo akonzi anandiyamikira.

Mwezi watha anandipempha chinthu chimodzi chokha. "Iwe, ndisanasiye, undijambuleko kamodzi ndili m'malere. Anawa asamaganize kuti ntchito ya bambo awo inali yotola mipira."

Ine ndi kamwa langali ndinati imeneyo ndi nkhani yochepa.

Lolemba, 6 Okutobala

Alamu aimba foni m'mawa ndisanatsuke n'kumaso komwe. Akuti aliyense pamzere wawo akukamba za mpira wa Loweruka uja, ndiye chithunzi chili kuti? Agula kale fulemu yaikulu, achotsa kalendala pakhoma, msomali ukungodikira. Ndawauza kuti ndikusankha chabwino. Bodza lamkunkhuniza, ndipo landituluka mosavuta.

Kuntchito akonzi atenga chithunzi cha 18, cha walilime panja uja, achiika patsamba lomaliza. Akuti chili ndi moyo.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Vuto ndi khadi. Sindikukayikanso. Khadi langa la memore ndi lakale, zilembo zake zinafufutika kale ndi thukuta la m'manja.

Ndapita kusitolo ya mafoni ija ya pansi pa masitepe. Ndinamufotokozera wogulitsa kuti kamera ikumatsamwa, ndikufuna khadi lothamanga. Sanandilole n'kumaliza komwe. Anatulutsa paketi yonyezimira, n'kuloza ndi chikhadabo nambala yaikulu ya golide: 200. Akuti limeneli ndi ndege, ojambula onse akuluakulu amagula kwa iye, ndikadzabweranso ndidzabwera kudzathokoza. Mtengo wake unali wowawa koma ndatenga.

Ndabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo mumsewu ngati chitsiru.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndayesa. Kamera patebulo, ndikujambula wotchi ya pakhoma, chala osachotsa. Zithunzi 31, kenako kutsamwa komwe kuja. Kanyale kofiira kanayaka mpaka ndinathira tiyi n'kuyamba kumwa. Ndege yake imeneyi ndi yoyenda pansi.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndinayenera kufunsa Mdala poyamba pomwe. Safunsa anadya phula, ndipo langa ndalidya lokhala m'paketi yonyezimira.

Mdala ndi wojambula wamkulu kuntchito kwathu. Anayamba kale nthawi ya mafilimu, phewa lake limodzi linatsika chifukwa cha chikwama. Sakonda kufunsidwa, koma akayamba kuyankha sasiya. Ndinamuika khadi m'dzanja n'kumufotokozera zonse. Analiyang'ana atatsitsa magalasi, n'kunena kuti, "Bafa ladzaza."

Ndinamuyang'ana. Bafa? Ine ndikukamba za kamera, iye akukamba zosamba?

Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ndilo dzina lake ndithu, amatero opanga makamera, kungoti linagwirizana ndi lathuli. Kamera ikakhala pa chiwaya imajambula msanga kuposa mmene khadi lingalembere, ndiye zithunzi zimayamba zaunjikana pamalo odikirira m'kati mwa kameramo. Malowo ndiye bafa. Khadi ndi paipi yotulutsira madzi. Paipi ikachepa, bafa limadzaza, ndipo likadzaza kamera imatseka mpopi, kaya kunjako kukugwa chigoli kaya mchimwene wako akuuluka.

Ndinati nanga si ndagula la 200? Apa ndiye anagwira mutu. Nambala yaikuluyo, akuti, nthawi zambiri imanena liwiro lokokera zithunzi kuchoka pakhadi kupita pakompyuta. Si yolembera. Amailemba zilembo zikuluzikulu chifukwa ndiyo imakola anthu ngati ine. Yofunika ndi kachilembo kakang'ono ka V kokhala ndi nambala pambali, kobisala pakona. Tinakasaka ndi tochi ya foni. V30. Iye anatulutsa lake m'kathumba ka pachifuwa: V90. Analitembenuza, kumbuyo kuli mizere iwiri ya mano achitsulo. Langa mzere umodzi.

Ndinamupempha andibwereke Loweruka. Akuti khadi ndi mswachi, sabwerekana. Anandiuza kuti ndisiye kujambula zithunzi zaziwisi, zolemera zija, ndiike pa zopepuka kuti bafa lisadzaze msanga. Ndakana. Golo limodzi la pabwalo paja limakhala mumthunzi wa sitandi, ndipo chithunzi choti chikakule pakhoma chimafuna chachiwisi kuti ndidzathe kukonza kuwala. Anangokweza phewa lotsika lija.

Loweruka, 11 Okutobala

Tapambana 3 kwa duu, ndipo mwina ndine ndekha m'bwalo lonse amene ndimapemphera kuti timu inayo iwombere pagolo lathu. Mulungu andikhululukire.

Achimwene anangokhala ngati mlonda wa sitolo yotseka. Mpira umodzi wobwezeredwa ndi anzawo, wina wotuluka panja. Ndinakhala pakampando kanga mpaka msana kuuma. Ndiye mphindi zomaliza, kona. Ndinaona anthu akukankhana pamaso pawo, mtima unakwera, chala chinadina wokamenya kona uja akuikabe mpira pansi. Ndajambula munthu akukonza sokosi. Ndajambula oyimbira akulekanitsa anthu awiri. Mpira pobwera, wina n'kuumenya ndi mutu, achimwene n'kuukankhira pamwamba pa golo ndi dzanja limodzi, kamera inali italowa kale kubafa.

Ndikanaiponya pansi ikanakhala yanga ndekha, koma lenzi ndi ya kuntchito.

Titatuluka ndinawapeza pageti, alamu atawanyamulira chikwama. Achimwene anangofunsa kuti, "Wandigwira?"

Mabodza anandithera. Ndinati ayi achimwene, bafa linadzaza. Alamu anandiyang'ana modabwa, akuti bafa la kuti, kunyumba kwanuko? Bwanji osaitana pulambala, ndipo zikukhudzana bwanji ndi chithunzi? Ndinayamba kufotokoza za paipi, iwo akungoonjezera kuti ali ndi nambala ya pulambala wabwino. Tsiku lina tikanaseka mpaka misozi.

Achimwene sanaseke. Anandifunsa ngati cha sabata yatha chija chilipodi. Ndinapukusa mutu. Anati, "Chabwino. Kwatsala kamodzi." Ananyamuka akukoka mwendo wakumanja.

Akanandikalipira zikanandipepukira.

Lolemba, 13 Okutobala

Ndabwerera pansi pa masitepe paja. Ndinamufunsa wogulitsa uja ngati ali ndi khadi la V90. Akuti V ameneyo ndi dzina la fakitale basi, asandinamize anthu, chofunika ndi 200. Ndinamuuza kuti andibwezere, akuti paketi ndinang'amba. Ndinamufunsa kuti ndikanaliyesa bwanji lili m'paketi, akuti mwina vuto ndi wojambula. Pamenepo mawu anga anakwera mpaka mayi wokonza tsitsi wa pafupi anatuluka ndi chipeso m'manja kudzaonerera.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mwina munthuyo sakunama dala. Sakudziwa basi. Nanga ine amene ndimadyera kamera ndinkadziwa?

Ndayenda masitolo anayi dzuwa lili pamutu. Kulikonse akundionetsa nambala zikuluzikulu. Wachisanu, bambo wogulitsa zipangizo za ojambula mavidiyo, sanadabwe n'komwe. Anandifunsa mtundu wa kamera, n'kufunsa ngati polowetsa khadi pake pamalandira la mizere iwiri, apo ayi ndingotaya nthawi. Tinaona m'kabuku, pamalandira. Alibe pakali pano koma lifika Lachitatu.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Alamu atumiza meseji: bondo latupanso, akuthowa ndi madzi oundana. Achimwene sanayankhe yanga.

Lachitatu, 15 Okutobala

Lafika. V90, mano mizere iwiri. Ndinalinyamula ngati dzira.

Tebulo lomwe lija, wotchi yomwe ija. Ndadina. Tatatatata.

31. Makumi atatu ndi chimodzi. Kenako ta... ta... ndi kanyale kaja.

Ndachotsa batire, ndabwezera. Ndapukuta khadi, ndalifufuta lonse, ndayesanso. Chimodzimodzi. Ndinakhala pansi pasimenti, kamera ili pamiyendo, n'kuyamba kuitukwana ndi mawu amene sindingalembe ngakhale muno. Wa nyumba yoyandikana anagogoda kufunsa ngati kuli bwino. Ndinati ndikuyankhula pafoni.

Kwatsala masiku atatu. Ndasowa pogwira.

Lachinayi, 16 Okutobala

Lero sindinapite ndi khadi lokha. Ndinaika kamera yonse patebulo la Mdala, pamwamba pa nyuzipepala imene amawerenga, n'kumuuza kuti V90 yake ija ndi nthano.

Anatembenuza kamera, n'kutsegula kachitseko ka makhadi. Mmenemo muli malo awiri. Pamwamba, khadi latsopano. Pansi pake, kakhadi kobiriwira kakalekale. Anakatulutsa ndi zala ziwiri ngati watola mphemvu.

"Nanga agogo awa akutani muno?"

Ndinati amenewo sagwira ntchito, amangosunga. Zaka zinayi zapitazo khadi linandifera nditajambula mpikisano wothamanga tsiku lonse, ndinabwerera kuntchito chimanjamanja, ndipo manyazi ake sindinawaiwale. Kuyambira tsiku limenelo ndinaika kamera kuti chithunzi chilichonse izilemba pawiri, pamwamba ndi pansi. Kakhadi kapansiko sindinakaganizirepo ngati kali ndi liwiro. Kwa ine kanali ngati tayala la sipeya.

Mdala anavula magalasi. Akuti kamera sichotsa chithunzi m'bafa mpaka makhadi onse awiri atamaliza kulemba. Anthu awiri akanyamula tebulo amayenda liwiro la wotsimphinayo. Ndikanagula ngakhale khadi la kumwamba, likanadikirabe agogowa.

Tinayesa kakhadiko kali patebulo. Ndinaloza fani ya kudenga n'kudina. Tatatatata, osaima. Ndinadutsa 31, ndinadutsa 60, mtsikana wotaipa anatseka makutu, ndinafika cha m'ma 100 isanayambe kupuma. Nditachotsa chala, kanyale kanazima ndisanamalize n'kupuma komwe. Ndinatsala pang'ono kumukumbatira Mdala, koma anateteza tiyi wake.

Sabata ziwiri ndikutukwana khadi, wogulitsa, kamera ndi amene anaipanga. Wolakwa anali mantha anga, amene ndinawalowetsa ndekha m'kachitseko.

Chisangalalo sichinakhalitse. Mdala anapempha kuona zithunzi za masewero awiri aja pa laputopu. Anayenda nazo mwakachetechete: walilime panja ali pakati pa bwalo, wokonza sokosi, oyimbira. Kenako anatsegula za masewero ena amene achimwene sanalimo. Kumeneko ndimadina pang'onopang'ono, zisanu, zisanu ndi zitatu, basi, ndipo chigoli chilipo.

"Kwa anthu ena umajambula," anatero. "Kwa mchimwene wako umapemphera ndi chala."

Akuti ngakhale bafa likule bwanji, amene amatsegula mpopi asanavule adzalidzazabe. Nthawi ya mafilimu iye ankapita kubwalo ndi zithunzi 36 zokha, ndipo anandiuza zimenezi kwa mphindi makumi awiri. Anamalizira ndi zoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinamuuza kuti nkhono sidumphira penate. Zoona zake n'zakuti sananame, ndipo n'chifukwa chake ndakwiya naye.

Tsopano nkhawa ina. Loweruka ndipita ndi khadi limodzi lokha, popanda chosungira. Likandifera?

Lachisanu, 17 Okutobala

Ndinapita kumene amachitira zokonzekera, osaitanidwa. Achimwene anali pabenchi, bondo atalikulunga bandeji, goloboyi wachiwiri ndiye ali pagolo. Kochi akuti aona mawa m'mawa. Zimenezi sindinaziganizirepo n'komwe. Ndakhala ndikulimbana ndi tizitsulo, osaganiza kuti munthuyo mwina salowa n'komwe m'bwalo.

Ndinakhala pambali pawo. Ndinawauza za makhadi awiri aja, ndi zimene Mdala ananena za chala changa. Ndinayembekezera kuti andiseka. Akuyang'ana anyamata akuwombera, anati nawonso zaka zawo zoyamba ankadumpha msanga, ndipo dzina la Sefa linayambira pamenepo. Womenya amangodikira ugwe, n'kuika mpira mbali inayo.

Ndinawafunsa kuti nanga amadziwa bwanji nthawi yodumpha.

"Usamayang'ane mpira, usamayang'ane ine. Yang'ana phazi limene womenyayo apondere pansi, losamenyalo. Likangotera pambali pa mpira, ine ndanyamuka. Iwenso uyambire pomwepo."

Ndinayesa pa goloboyi wachiwiri uja mpaka anamaliza. Poyamba chala chinkathawa chokha. Kenako ndinayamba kuliona phazilo. Zithunzi khumi, khumi ndi ziwiri, ndipo mnyamatayo ali m'malere bwinobwino, mpira uli m'manja. Iye wasewera masewero awiri okha chiyambire, koma ali kale ndi chithunzi chimene achimwene achisowa zaka 16. Sindinawaonetse.

Loweruka, 18 Okutobala

Anawalola kusewera. Ndinawaona akutuluka kutsogolo kwa anzawo, bandeji ikuonekera pansi pa kabudula. Kakhadi kobiriwira ndinakasiya kunyumba dala kuti ndisakopeke.

Chigawo choyamba, mipira itatu, yonse yolunjika pachifuwa. Anaigwira ataimirira. Chala chinkandiyabwa koma ndinachigwira. Titasinthana mbali ndinanyamula kampando kanga kuwatsatira, ndikumva alamu akukuwa dzina langa kuchokera m'sitandi, akuloza kamera ngati ndingaiwale kuti ndili nayo.

Chigawo chachiwiri, palibe. Mphindi 60, 70, 80. Duu kwa duu. Ndinayamba kuganiza kuti zatha choncho, kuti Mulungu anandipatsa mwayi kawiri ine n'kuuthira m'bafa.

Mphindi ya 84, wotchinga kumbuyo wathu anakoka malaya a munthu m'bokosi. Kherere. Penate. Theka la bwalo linagwira mutu, ine mtima wanga unalumpha ndi chimwemwe, ndipo ndikuchita nazo manyazi mpaka pano.

Womenya anaika mpira. Anautembenuza. Anabwerera masitepe asanu. Nthawi yonseyi chala chili pabatani osadina. Lenzi ndinailoza kwa achimwene, diso linalo lili pa miyendo ya womenya. Anathamanga. Phazi lamanzere linatera pambali pa mpira.

Ndinadina.

Kamera sinatsamwe. Zithunzi 23, kanyale kanangophethira n'kuzima. Achimwene anapita mbali yoyenera. Anaugunda mpira ndi zala, mpira unagunda polo, n'kulowa.

Tagonja 1 kwa duu. Kumbuyo kwanga wina anakuwa kuti Sefa mpaka tsiku lomaliza. Ena ambiri anaomba m'manja pamene osewera anzawo anaperekeza achimwene kutuluka, koma ine ndinamva wa Sefa yekhayo. Sindinayang'ane pasikirini. Ndinangokhala pakampando, kamera ili pamiyendo, anthu akutuluka.

Achimwene anabwera okha, akutsimphina, magolovesi asanavule. Anakhala paudzu pambali panga, mwendo atautambasula. Sanafunse ngati ndawagwira. Anangoti, "Tione."

Ndinayatsa. Choyamba, mawondo apinda. Chachitatu, phazi limodzi lachoka pansi. Ndinkapotoza kagudumu ndi chala chachikulu, chimodzichimodzi. Chachisanu ndi chimodzi, mapazi onse achoka. Chachisanu ndi chinayi.

Thupi lonse lagona m'malere, lowongoka, udzu uli kutali pansi pawo. Bandeji yamasuka, ikuuluka m'mbuyo. Maso ali pampira. Mpirawo uli pa zala, zala zitatu zapindikira kumbuyo ndi mphamvu yake. Nkhope imeneyo sindinaionepo, ngakhale ndinakulira nawo nyumba imodzi.

Tonse tikudziwa chimene chili pa chithunzi chakhumi. Khadi langa lothamangali linalemba zonse, mpaka ukonde ukugwedezeka, mpaka iwo atagona chafufumimba. Chala changa chinali chikadali pakagudumu.

"Imitsa pomwepo," anatero.

Ndinachotsa chala. Anasendera pafupi, n'kutchinga dzuwa pasikirini ndi golovesi. Wosamalira bwalo anali atayamba kumasula ukonde, alamu akutsika masitepe ndi ana. Achimwene sanadzutse mutu. Patapita kanthawi sikirini inazima yokha, monga imachitira ukaisiya.

"Tayatsanso," anatero.